Dambo la ku Mabvuku lauma: ndi nyengo kapena ndi nyumba?

Funso: Ine ndine bambo wa zaka 71, ndimakhala ku Mabvuku, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Bambo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito kuno. Tili ana, kudambo la kumunsi kwathu kunkakhala madzi mpaka mu Ogasiti, ndipo nthawi ya dzinja achule ankatisowetsa tulo. Lero dambolo ndi fumbi lokhalokha, nyumba zafika m'kati mwenimweni. Mdzukulu wanga amene ali ku yunivesite akuti ndi kusintha kwa nyengo, akuti ofufuza anatsimikiza kale. Ine ndikuti ndi nyumbazo. Wolondola ndani? Nanga ofufuzawo amadziwa bwanji, si kulosera chabe ngati a zanyengo a pa wailesi?

Yankho: Zikomo bambo. Mlandu wa agogo ndi mdzukulu suyenera kugona, ndiye ndigamuliretu. Pa nkhani ya dambo lanulo, inuyo ndi amene mwalasa. Pa nkhani yoti dziko likutentha ndipo zamoyo zayamba kale kumva kuwawa, mdzukulu wanu sakunama. Vuto lake n'lakuti watenga yankho loona n'kulipachika pa funso losakhala lake.

Umboni suli kutali. Mukwere kombi mupite tsidya lina la mzinda, ku Monavale. Mitambo imene imagwetsa mvula kumeneko ndi yomweyo imene imagwetsa ku Mabvuku, dzuwanso ndi limodzi. Koma kumeneko kuli chigawo cha dambo chimene anthu okhala pafupi anachimenyera nkhondo kuti pasamangidwe nyumba kapena kulimidwa, ndipo mu 2013 dambolo linalembedwa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar. Mvula ikagwa bwino chigawocho chimadzazabe madzi, achule amalira, mbalame za m'madambo zimabwerabe kudzaswa. Ikanakhala nyengo yokha imene yaumitsa dambo lanu, la Monavale nalo likanauma. Ntchito yathu ofufuza imayenda choncho: timafuna malo awiri ofanana pa zonse kupatula chinthu chimodzi, n'kuona chimene chinthu chimodzicho chachita.

Dambo la kuno ku Harare si chithaphwi chongodikira mvula kuti igweremo. Ndi malo amene madzi a pansi pa nthaka amatulukira. Mvula ikagwa kumtunda imalowa m'dothi, n'kumatsika mpaka itakumana ndi thanthwe kapena makande osadutsa madzi. Pamenepo imayamba kuyenderera cham'mbali pang'onopang'ono mpaka kukatumphukira kudambo. Ulendowo umatenga miyezi. N'chifukwa chake munkaponda madzi mu Ogasiti mvula itasiya mu Epulo. Tsono denga lililonse, bwalo lililonse la simenti, msewu uliwonse wa phula, zimatseka khomo lolowera madzi m'nthaka. Madzi amene akanayenda miyezi inayi amathamanga m'ngalande ola limodzi n'kukagwera mumtsinje. Muwonjezerepo zitsime ndi mijigo. Ku Mabvuku ndi ku Tafara mipopi yakhala youma kwa zaka zambiri, anthu anakumba zitsime pakhomo, ena anabooletsa mijigo, ndipo madzi onsewo ndi omwe aja akanakatulukira kudambo. Sindikukuimbani mlandu, munthu sangafe ndi ludzu pofuna kusunga achule. Komanso tisabisane, ifenso a chimanga cha m'dambo tilimo. Mizere ndi ngalande zimene timakumba kuti chimanga chisamire zimakhetsa dambo ngati mtsuko wobooka, ndipo lamulo loletsa kulima pa mtunda wosakwana mamita 30 kuchokera kumtsinje timalidziwa koma timalilumpha.

Ndikapita ndi ophunzira kumalo otere ndimawauza kuti asayang'ane pamwamba, akumbe. Dothi limene linakhalitsa m'madzi limakhala lotuwa ngati phulusa, lamathothomathotho a dzimbiri, ndipo mtunduwo sufufutika ngakhale patauma zaka makumi awiri. Tinakumbapo kuseri kwa nyumba ina yatsopano, mwini wake akulumbira kuti pamalopo sipanakhalepo dambo, dothi n'kutuluka lotuwa mbuu. Khoma la nyumbayo linali litachita kale ndere m'munsi. Madzi saiwala khwawa.

Tsopano mdzukulu wanu timupatse mpando nayenso.

Kulosera mvula ya mawa ndi kuyeza kusintha kwa nyengo ndi ntchito ziwiri zosiyana. Wolosera amayang'ana kutsogolo, ndipo nthawi zina amaphonya. Woyeza nyengo amayang'ana m'mbuyo, m'mabuku amene anthu akhala akulembamo kutentha ndi mvula tsiku ndi tsiku, monga amachitira a nthambi ya zanyengo ku Belvedere kuno ku Harare. Mu 1958 Charles Keeling anayamba kuyeza mpweya wa carbon dioxide pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii, ndipo ntchitoyo ikupitirirabe. Mafakitale asanayambe, mpweyawu unali pafupifupi magawo 280 pa magawo miliyoni alionse a mpweya wa mumlengalenga. Lero wadutsa 420, chifukwa cha malasha, mafuta ndi nkhalango zimene anthu awotcha. Mpweyawu umagwira kutentha kumene kukanathawa padziko. Bungwe la zanyengo padziko lonse la WMO linapeza kuti 2024 chinali chaka chotentha kuposa zonse zolembedwa, madigiri pafupifupi 1.55 pamwamba pa mmene zinalili pakati pa 1850 ndi 1900. Ndipo m'kati mwa chigawo chathu cha kumwera kwa Africa kukutentha mofulumira kuposa dziko lonse likaphatikizidwa. Pa kutentha palibenso mkangano.

Pa mvula m'pamene tiyenera kuyenda ndi ndodo. Mvula ya kuno imasinthasintha kwambiri chaka ndi chaka mwachibadwa chake. Inuyo mukukumbukira chilala cha 1992, ndipo makolo athu ankasimba za njala ya 1949 kumudzi. Mtsinje wa Shire unasiya kutuluka m'nyanja ya Malawi kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935, magalimoto asanachuluke n'komwe, pamene mu 2024 nyanja yomweyo inadzaza mpaka kulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968, mu 1995, ndi mu 2018. Pamene zinthu zimakwera ndi kutsika chonchi, kuti munthu anene kuti mvula yachepadi amafunika zolembedwa za zaka zambirimbiri. Koma pali chinthu chimodzi chimene sichidikira mkangano wa mvula: mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umatha kusenza chinyezi chochuluka ndi pafupifupi 7 peresenti. Umayamwa kwambiri m'dothi, m'masamba ndi m'madamu, ndiye ngakhale mvula itagwa yofanana ndi ya kale, nthaka imauma msanga. Chinyezi chomwecho chikamasuka chimagwa chamkokomo, n'kuthamanga pamwamba osalowa pansi. Apa ndi pamene nyengo ikulowera mu mlandu wa dambo lanu. Sinaliphe ndiyo, koma yapeza wodwala ali gone n'kumuchotsera bulangete.

Mwafunsa kuti ofufuza amadziwa bwanji. Kafukufuku amene ndimakonda kuphunzitsa pa funso limeneli anachitika konkuno ku Zimbabwe, ndipo ndi wa kashembe, ntchentche ija yofalitsa kaodzera kwa anthu ndi matenda opha ng'ombe. M'chigwa cha Zambezi, m'nkhalango ya Mana Pools, muli malo ofufuzira otchedwa Rekomitjie. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 anthu kumeneko akhala akuchita ntchito imodzi yotopetsa: kuimika ng'ombe kutchire masana, kugwira akashembe amene abwera kudzaiyamwa magazi, kuwawerenga, kulemba m'buku. Ena n'kumalemba kutentha kwa tsiku lililonse. Palibe amene ankaganiza za kusintha kwa nyengo poyamba ntchitoyi. Ankafuna njira yopulumutsira ng'ombe. Mu 2018 Jennifer Lord, John Hargrove, Stephen Torr ndi Glyn Vale anasindikiza zimene mabukuwo akunena. Cha m'ma 1990 ankagwira akashembe a mtundu wa Glossina pallidipes oposa 50 pa ng'ombe imodzi ulendo umodzi. Pofika 2017 ankatha kuimika ng'ombe maulendo khumi osagwira ndi mmodzi yemwe. Kuchokera mu 1975 kutentha pamalopo kunakwera ndi pafupifupi digiri imodzi, koma mu Novembala, mwezi wotentha kwambiri, kunakwera ndi madigiri awiri.

Inuyo mukhoza kufunsa monga mwafunsira za dambo: bwanji ngati chinawapha ndi china? Funso limenelo ofufuzawo anadzifunsanso. Malowo ndi nkhalango yotetezedwa: simulimidwa, simumangidwa midzi, ndipo nyama zimene kashembe amayamwa, monga njovu, njati ndi njiri, zilimobe. Kuwonjezera apo, moyo wa kashembe unayezedwa kale bwino lomwe. Iye saikira mazira ambirimbiri ngati ntchentche ya pakhomo. Wamkazi amabereka mphutsi imodzi yokha pa masiku pafupifupi khumi alionse, mphutsiyo n'kudzikwirira m'dothi pamthunzi kwa milungu ingapo. Kukatentha kwambiri akuluakulu amafa msanga, ndipo ana ali m'dothiwo amatha mafuta a m'thupi asanatuluke. Ofufuzawo anaika manambala a imfa ndi kuswana amenewa mu kompyuta pamodzi ndi kutentha kwa tsiku ndi tsiku, ndipo kutsika kumene kompyuta inawerengera kunafanana ndi kumene ogwira ntchentche analemba m'mabuku awo. Zolembedwa za zaka zambiri, njira yodziwika imene kutentha kumaphera, ndi zifukwa zina zitachotsedwapo: pamenepo munthu akhoza kuimirira n'kunena kuti iyi ndi nyengo. Musafulumire kuimba nthungululu kuti kashembe watha, chifukwa olembawo anachenjeza kuti madera okwera amene kale ankamuzizirira akhoza tsopano kumukomera.

M'nyanja zathu nkhani yake ndi ina, koma muzu ndi womwewo. Nyanja yakuya imakhala ndi madzi ofunda pamwamba ndi ozizira pansi, ndipo chakudya cha tizomera tam'madzi chimamira n'kukaunjikana pansipo. Nthawi yozizira, mwera ukamawomba, madzi amavundukuka, chakudyacho n'kukwera. Tizomera timachuluka, tizilombo timadya tizomera, usipa kapena kapenta n'kudya tizilomboto. Pamwamba pakafunda kwambiri madzi a pamenepo amapepuka, mphepo n'kumalephera kuwasakaniza ndi apansi. Mu 2003 Catherine O'Reilly ndi anzake analemba m'magazini ya Nature kuti pa nyanja ya Tanganyika zimenezi zachepetsa tizomerato ndi pafupifupi 20 peresenti, zimene zingachepetse nsomba ndi pafupifupi 30 peresenti. Ena anatsutsa, amvekere asodzi ndiwo achuluka. Mu 2016 gulu la Andrew Cohen linatulutsa zimene linapeza m'matope a pansi pa nyanjayo, amene amaunjikana chaka ndi chaka ngati masamba a buku, ndipo mafupa a nsomba a m'matopewo anasonyeza kuti nsomba zinayamba kuchepa usodzi wa maboti akuluakulu usanayambe. Nayo nyanja ya Malawi madzi ake akuya afunda ndi madigiri pafupifupi 0.7 m'zaka 60.

Kapenta amene mumagula ku msika wa Mbare anachokera ku Tanganyika komweko. Anaikidwa m'nyanja ya Kariba mu 1967 ndi 1968. Wachepa, mtengo wake ukuchitira umboni. Pa chifukwa chake akatswiri a kuno sanamvane. Pulofesa Chris Magadza ndi Mzime Ndebele-Murisa analoza kufunda kwa madzi. Brian Marshall analemba motsutsa, kuti kuchuluka kwa maboti ophera kapenta ndiko kukufotokoza bwino nkhaniyi. Mdzukulu wanu adziwe zimenezi: si paliponse pamene ofufuza "anatsimikiza kale". Ine maganizo anga ndi akuti ku Kariba zonse ziwiri zikukoka mbali imodzi, koma mwa ziwirizo chimene boma lingachepetse chaka chino ndi maboti.

Za milambe ndingodutsamo. Mu 2018 Adrian Patrut ndi anzake analengeza kuti mwa milambe 13 yakale kwambiri imene ankaiyeza mu Africa, 9 inali itafa kapena kugwa nthambi zake zakale m'zaka khumi ndi ziwiri zokha. Umodzi unali wotchedwa Panke, wa ku Matabeleland kuno ku Zimbabwe, wa zaka zoposa 2,400. Manyuzipepala analemba kuti nyengo yapha milambe. Olemba enieniwo ananena kuti akuikayikira nyengo koma pakufunika kafukufuku wina. Pakati pa "tikukayikira" ndi "tapeza" pali mtunda wautali, ndipo mitu ya nkhani imaulumpha mtundawo kawirikawiri.

Masiku ano pali ofufuza amene ntchito yawo ndi kutenga tsoka limodzi n'kufunsa kuti kutentha kwa dziko kwaikapo dzanja lalikulu bwanji. Gulu la World Weather Attribution linaunika chilala cha 2024, chija chinachititsa kuti Malawi, Zambia ndi Zimbabwe alengeze kuti kwagwa tsoka, ndipo linapeza kuti mwini mlandu wamkulu anali El Niño, kufunda kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene kumabwera pakapita zaka zingapo kuyambira kalekale. Gulu lomwelo litaunika namondwe wa Ana ndi wa Batsirai a mu 2022 linapeza kuti kutentha kwa dziko kunawonjezera mphamvu ya mvula yake. Anthu omwewo, njira yomweyo, mayankho awiri osiyana. N'chifukwa chake ndimawakhulupirira. Ndipo amene anaona zimene namondwe wa Idai anachita ku Chimanimani mu 2019, kapena Freddy ku Chilobwe mu 2023, akudziwa kuti mvula yamkokomo ikagwa pa phiri lodulidwa mitengo ndi kumangidwa nyumba, matope ake safunsa kuti wolakwa ndani.

Tibwerere kumadzi a kwanu. Damu la Cleveland, pafupi ndi inu pomwepo, ndi kumene mtsinje wa Mukuvisi umayambira. Umadutsa mumzinda n'kukathira mu Manyame, Manyame n'kudzaza nyanja ya Chivero, imene inamangidwa mu 1952 ndipo ndi kumene Harare amamwa. Mzinda uno unakhala kumtunda kwa chitsime chake chomwe: zimene timataya zimatsikira kumene timatunga. Kale madambo ndiwo ankasefa madziwo panjira, udzu ndi dothi zikugwira zonyansa. Madambo atachepa, zonyansa za m'mapaipi ophulika ndi feteleza zimafika mu Chivero zosasefedwa, n'kukhala chakudya cha namasupuni ndi ndere zobiriwira zija zimene zina mwa izo zimatulutsa poizoni. Ndere zimenezi zimakonda madzi ofunda, odekha, ochepa. Mu Disembala 2024, chilala chitangotsitsa madzi, a ZimParks, bungwe loyang'anira nyama zakutchire, analengeza kuti zipembere zinayi zafa zitamwa madzi a nyanjayo, pamodzi ndi mbidzi, nyumbu ndi nkhwazi. Mukandifunsa kuti chinapha zipemberezo ndi nyengo kapena ndi ife, ndiyankha kuti chakudya cha nderezo tinathira ndife, kutentha kunangosonkhezera moto.

Chimene chimandidetsa nkhawa pa kayankhulidwe ka ana athu ophunzirawa n'chakuti mawu oti "kusintha kwa nyengo" asanduka chofunda cha aliyense wofuna kuthawa mlandu. Wogawa mapuloti m'dambo amasangalala akamva kuti dambo laumitsidwa ndi mafakitale a ku Ulaya ndi ku China, chifukwa dzina lake silitchulidwanso. Utsi wa dziko lonse inu ndi ine sitingauzimitse tili ku Mabvuku, pakuti gawo la Africa yense pa utsiwo ndi lochepa kwambiri. Koma chigawo cha dambo chimene chatsala chikhoza kutetezedwa. Lamulo la zachilengedwe la dziko lino limaletsa kumanga kapena kukumba m'dambo popanda chilolezo cha bungwe loona zachilengedwe la EMA, ndipo a Harare Wetlands Trust akhala akuthandiza anthu okhala m'madera osiyanasiyana kutengera milandu yotere kukhoti. Dambo likasiyidwa, ngalande zake n'kutsekedwa, udzu wake umabwerera. Mbali ina ya Monavale imene lero ili ndi maluwa am'tchire inali minda ya chimanga.

Mdzukulu wanuyo mumupatse ntchito, popeza ndi wa ku yunivesite. Atsegule Google Earth pa kompyuta. Muli kabatani kobwezera zithunzi m'mbuyo, ndipo za Harare zimaoneka bwino kuyambira zaka za m'ma 2000. Zakale kuposa apo, zojambulidwa pa ndege, zimasungidwa ku ofesi ya Surveyor-General. Awerenge madenga ozungulira dambolo pa chithunzi chakale ndi chatsopano, kenako akapemphe manambala a mvula ya Harare ya zaka zomwezo ku Belvedere, aziike pambali n'pambali. Aone mzere umene wasintha kwambiri.

Inunso muli ndi gawo lanu, ndipo ndi losowa kuposa lake. Zimene zinapangitsa Rekomitjie kukhala umboni ndi anthu amene sanatope kulemba. Za kashembe tili nazo chifukwa ankapha ng'ombe. Za achule a ku Mabvuku, za tsiku limene ngumbi zinkatuluka, za mwezi umene masuku ankapsa ndi bowa ankamera, zili m'mitu mwa anthu a msinkhu wanu. Mukhale naye pansi mdzukuluyo ndi kope, mumuuze pamene madzi ankalekezera, mtengo uti kapena mwala uti, chaka chimene munasiya kumva achule, chaka chimene chitsime chanu munachikumbanso kuti chizame. Kenako muike chitini chowongoka m'mbali pabwalo, kutali ndi denga ndi mitengo, muziyeza madzi ake ndi rula m'mawa uliwonse mvula ikagwa. Muzilembanso tsiku limene misasa ya m'dera lanu yayamba kufiira, pakuti mitengo imeneyi imaphuka mvula isanagwe, ndi tsiku la chizimalupsa, chimene anzathu Achishona amati bumharutsva. Tsamba loyamba la kopelo muyambe ndi Ogasiti uja munkaponda madzi.